Mwana wathu samva: tigule makina a m'khutu kapena timuphunzitse chinenero chamanja?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Mwana wanga wotsiriza, wamwamuna, ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi koma sanatchulepo ngakhale liwu loti "amama". Mwezi watha anamuyeza kuchipatala ndipo anatiuza kuti makutu ake onse awiri samva pafupifupi chilichonse. Achimwene anga a ku Joni akuti ayamba kusonkhanitsa ndalama za opaleshoni yoika makina m'mutu. Apongozi anga akuti tisamalankhule naye ndi manja chifukwa achita ulesi ndipo sadzalankhula. Koma mtsikana wina wosamva amene amagulitsa maswiti pamalo okwerera mabasi a Copacabana anandilembera pafoni yake kuti makina a m'khutu anawataya kalekale, ndipo chimene chinasintha moyo wake ndi foni. Ndimvere ndani?

Yankho: Mayi, aliyense mwa anthu atatu amene mwawatchulawa wagwirako mbali ina ya choona, koma pali mmodzi yekha amene malangizo ake angamuwononge mwanayo, ndipo ndi apongozi anu. Ndikunena zimenezi mwaulemu wonse, podziwa kuti akulankhula chifukwa chokonda mdzukulu wawo, ndiponso kuti maganizo amenewo sanawapeke okha, pakuti aphunzitsi ndi madokotala ophunzira kwambiri anawaphunzitsa kwa zaka pafupifupi 100. Tibwererako kumeneko. Ndiyambe ndi khutu lenilenilo, chifukwa makolo ambiri amene ndimakumana nawo amachoka kuchipatala atanyamula pepala limene palibe anawafotokozera.

Phokoso likalowa m'khutu limagwedeza kachikopa kopyapyala kokhala ngati ng'oma, ndipo kugwedezekako kumadutsa m'timafupa titatu ting'onoting'ono mpaka kukafika m'kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, kamene madokotala amakatcha cochlea. M'kati mwake muli madzi ndi timaselo taubweya pafupifupi 15,000, timene timasandutsa kugwedezekako kukhala uthenga wopita ku ubongo kudzera mumtsempha wa khutu. Vuto likakhala kunja kapena pakati, monga phula lotseka njira kapena mafinya, kawirikawiri mankhwala kapena opaleshoni yaing'ono zimathandiza. Koma timaselo taubweya tija tikafa sitimeranso, ndipo kwa mwana amene samva pafupifupi chilichonse, nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo. Zoyambitsa zake n'zambiri: chibadwa cha kumtundu ngakhale makolo onse awiri ali akumva, matenda a rubella mayi ali woyembekezera, chikasu chachikulu mwana atangobadwa, matenda oumitsa khosi, chikuku, ndi mankhwala ena amphamvu monga gentamicin amene nthawi zina amaperekedwa kuti apulumutse moyo. Ndazitchula dala chifukwa ndikudziwa zimene zimanong'onedwa m'makomo mwathu, zoti mayi anadumpha mwambo kapena wina anamulodza mwanayo. Lipoti la bungwe la World Health Organization la mu 2021 linati ana 34 miliyoni padziko lonse ali ndi vuto la kumva lofunika chithandizo, ndipo ana osamva oposa 90 pa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva ngati inu.

Pepala la zotsatira mulisunge pamodzi ndi khadi la kusikelo. Ngati lili ndi timizere, chizindikiro cha O chimaimira khutu lakumanja ndipo X lakumanzere, pamene manambala a m'mbali amasonyeza kukula kwa phokoso pa muyeso wa decibel. Kunong'ona kumakhala cha pa 30, kucheza wamba cha pa 60. Mwana amene amayamba kumva pa 90 kapena kupitirira apo akhoza kutembenuka chitseko chikamenyetsedwa kapena ng'oma ikalira, n'chifukwa chake abale amakana kuti ndi wosamva, koma mawu a munthu wolankhula naye samufika.

Makina ovala kukhutu, amene ambiri timangowatcha hearing aid, ndi chimkuzamawu chaching'ono. Amatola mawu, kuwakuza ndi kuwakankhira m'khutu, ndipo amathandiza molingana ndi timaselo tamoyo timene tatsala. Kwa mwana amene amamva pang'ono, makinawa amasintha zinthu kwambiri, moti ana ambiri otere amalankhula ndi kuphunzira bwinobwino. Kwa mwana wonga wanu, akhoza kumuthandiza kuzindikira hutala ya galimoto, kuuwa kwa galu ndi kamvekedwe ka mawu anu, koma sizichitika kawirikawiri kuti iwo okha amufikitse pomva chiganizo chonse. Ngakhale zili choncho ayenera kuwayesa, ndipo madokotala a opaleshoni nawonso amafuna kuti mwana ayambe wavala makinawa kwa miyezi ingapo asanaganize zina. Chimene ndikukuletsani ndi kugula m'sitolo ya m'tauni kapena kumuveka otsala a agogo. Makina a masiku ano amatcheredwa pakompyuta potsata zotsatira za khutu la mwiniwake, ndipo otcheredwa molakwika akhoza kuwononga kumva kochepa kumene kunatsala.

Zimene ogulitsa satchula ndi moyo wa tsiku ndi tsiku wa makinawa. Kachikombole kolowa m'khutu kamaumbidwa potengera khutu la mwanayo, ndipo popeza khutu la mwana limakula msanga, pakapita miyezi yowerengeka kamayamba kukhwepa, makina n'kumangoimba likhweru. Mabatire ake ndi apadera, amagwira ntchito ndi mpweya ukangomatula kapepala kamene kamamatidwa pamwamba pake, ndipo amatha m'sabata imodzi kapena ziwiri. A nambala 13 amakhala ndi kapepala ka mtundu wa lalanje, a nambala 675, amene amalowa m'makina amphamvu, ka mtundu wa buluu. Ayenera kubisidwa patali chifukwa mwana akameza batire ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala. Thukuta ndi chinyezi cha m'dzinja zimaononga makina, choncho usiku amagona m'kabotolo kotseka kokhala ndi timibulu toyamwa chinyezi. Vuto la mabatire ndi lalikulu m'chigawo chathu chino moti ku Botswana anthu osamva eniake anagwira nawo ntchito yopanga tchaja ya dzuwa ya mabatire otchajidwa, ndipo mmodzi mwa amene anaipititsa patsogolo ntchitoyi ndi Tendekayi Katsiga wa kuno ku Zimbabwe, kudzera m'kampani ya Deaftronics.

Chaka china ndinayendera kalasi ina ya ana osamva ndipo ndinapempha mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi kuti andipatse makina ake ndiwaone. Nditatsegula kachitseko ka batire ndinapeza muli dzimbiri lobiriwira, ndipo kachubu kake kanali kataumiratu ndi kusweka. Mnyamatayo anandiuza ndi manja kuti anasiya kulira isanafike Pasaka, pamene apa n'kuti tili mu Julayi. Ankawavalabe m'mawa uliwonse chifukwa wobwera opanda makina ankakalipiridwa, choncho kwa miyezi yonseyo kachikombole kanali kungomutseka khutu ngati chitsekerero cha botolo. Sindikudziwa mbiri ya mtsikana wa ku Copacabana uja, koma akamati anawataya, ndimaganiza za mnyamata ameneyu ndipo sindimuweruza.

Tsopano za opaleshoni imene amalume a mwanayo akuisonkhera. Dzina lake ndi cochlear implant, ndipo imagwira ntchito mosiyana kotheratu ndi hearing aid chifukwa imalumpha timaselo takufa tija. Dokotala amaika kachipangizo pansi pa khungu kuseri kwa khutu, ndi kulowetsa kawaya kopyapyala m'kachigoba ka nkhono kaja. Kunja mwana amavala kachipangizo kena kamene kamatola mawu ndi kuwatumiza m'kati kudzera pa kabwalo komamatira ndi maginito, ndipo kawaya kaja kamagunda mtsempha wa khutu ndi mphamvu yochepa ya magetsi. Ntchitoyi inakula m'zaka za m'ma 1970, pamene Ingeborg ndi Erwin Hochmair ku Vienna mu 1977, ndi Graeme Clark ku Melbourne mu 1978, anapanga ndi kuyesa pa anthu makina oyamba okhala ndi njira zingapo za mawu. Ku America analola kuika ana a zaka ziwiri mu 1990, ana a chaka chimodzi mu 2000, ndipo mu 2020 anatsitsa mpaka miyezi isanu ndi inayi. Ana ambiri oikidwa adakali aang'ono, amene analandira maphunziro okwanira pambuyo pake, amalankhula ndi kuimba foni. Zimenezo n'zoona ndipo sindikufuna kuzichepetsa.

Koma achimwene anu adziwe chimene akugula. Kawaya kaja kali ndi timalo togunda mtsempha pakati pa 12 ndi 22, pamene khutu lachibadwa lili ndi timaselo masauzande, choncho mawu amene amafika ku ubongo ndi okhakhala, ndipo ubongo umayenera kuphunzira kuwamasulira. Makina amayatsidwa patapita milungu iwiri kapena inayi chichitikireni opaleshoni, ndipo tsiku limenelo ana ambiri amalira ndi mantha, samayankha "amama" monga mmene timaonera pa mavidiyo a pa Facebook. Kenako pamabwera maulendo obwerezabwereza okatcheretsa makina, ndi zaka za maphunziro a kumva ndi kulankhula. Mtengo wa makina ndi opaleshoni umafika madola a ku America masauzande makumi angapo, ndipo zingwe, mabatire ndi kachipangizo kakunja zimafuna kusinthidwa moyo wonse. Funso loyamba lofunsa dokotala, kaya opaleshoniyo ichitikira kuno kapena ku South Africa, ndi lakuti adzatchere makinawa ndani chaka chamawa ndi zaka khumi zikubwerazi, ndipo waya ukaduka tidzaupeza kuti. Mwana akavula kachipangizo kakunja posamba kapena pogona, kapena batire likatha magetsi atazima, amakhala wosamva monga analili.

Pali china chimene chimatikhudza ife olankhula Chichewa ndi Chishona makamaka. Zinenero zathu zimasiyanitsa mawu ena ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndipo kukwera ndi kutsika kwa liwu ndi chimodzi mwa zinthu zimene implant imalephera kupereka bwino. Kuwerenga milomo nakonso kuli ndi malire ake. Imani pagalasi, mutchule mopanda mawu kuti mowa, kenako bowa, ndipo muona kuti milomo ikuchita chimodzimodzi. Onjezani apo kuti mwana wa ku Mufakose amamva Chichewa kwa agogo, Chishona pabwalo ndi Chingelezi kusukulu, nthawi zina zonse zitatu m'chiganizo chimodzi. Alangizi ena amauza makolo kuti asankhe Chingelezi chokha. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa mayi amene akukakamizika kulankhula chinenero chimene sachimasukira amayamba kulankhula pang'ono, ndipo mwana amafunika mawu ochuluka, a nthano, a nthabwala ndi a chidzudzulo chomwe.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, mayi. Ubongo wa mwana umakhala wokonzeka kulandira chinenero m'zaka zoyambirira, makamaka zitatu mpaka zisanu, ndipo sufunsa ngati chinenerocho chalowera m'khutu kapena m'maso. Akatswiri a ku America amalangiza kuti khanda liyezedwe makutu lisanakwane mwezi umodzi, vuto litsimikizike pofika miyezi itatu, ndipo chithandizo chiyambe pofika miyezi isanu ndi umodzi. Wanu wafika miyezi 28 alibe chinenero chilichonse, ndipo ndalama za opaleshoni zikhoza kutenga chaka kapena ziwiri kuti zikwane, kapena osakwana n'komwe. M'mera mpoyamba. Mwana amene wadutsa zaka zimenezi wopanda chinenero amavutika moyo wake wonse kuwerenga, kuwerengera, ngakhale kufotokoza chimene chikumupweteka kapena amene wamuchita chipongwe, ndipo makina oikidwa mochedwa sabweza zimene zinatayika. Chinenero chamanja ndicho chokhacho chimene angachilandire chathunthu kuyambira mawa m'mawa, popanda kudikira ndalama za ku Joni. Zoti manja amachititsa ulesi lilime zilibe umboni wokhutiritsa. Kafukufuku wa ku America pa ana osamva obadwa kwa makolo osamva, amene analankhula ndi manja chibadwire kenako n'kuikidwa implant, anapeza kuti Chingelezi chawo cholankhula chinkafanana ndi cha anzawo akumva.

Maganizo a apongozi anu ali ndi kwawo. Mu 1880 aphunzitsi a ana osamva anasonkhana ku Milan m'dziko la Italy, pafupifupi onse ali anthu akumva, ndipo anagwirizana kuti kuphunzitsa ndi pakamwa kupose kuphunzitsa ndi manja. Kuchokera pamenepo m'masukulu ambiri padziko lapansi ana ankakhalira manja awo kapena kumenyedwa akapezeka akulankhula ndi manja, ndipo makina okuza mawu atabwera anakhala chida cha chiphunzitso chimenechi. Mu 1960 William Stokoe wa pa koleji ya anthu osamva ya Gallaudet ku Washington anasonyeza kuti chinenero chamanja cha ku America chili ndi malamulo ake ngati chinenero china chilichonse, ndipo mu 2010 msonkhano womwe uja, utakumana ku Vancouver, unakana poyera zimene unagamula ku Milan. Kuno kwathu, gawo 6 la malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 limatchula zinenero 16 zovomerezeka. Choyamba pamndandandawo ndi Chichewa, ndipo chinenero chamanja chili pomwepo. Ife amene makolo athu ankanyozedwa kuti mabhurandaya, amene ena tinakula tikutsitsa mawu tikamalankhula chinenero cha kwathu m'basi, sitiyenera kuvutika kumvetsa ululu wa munthu woletsedwa chinenero chake.

Nanga foni ija? Mtsikanayo sanakokomeze. Alexander Graham Bell, amene analembetsa lamya mu 1876, anali mphunzitsi wa ana osamva, ndipo mayi ake ndi mkazi wake anali osamva, komabe chipangizo chakecho chinatsekera anthu osamva kunja kwa zaka pafupifupi 90, chifukwa ntchito, malonda ndi mauthenga a mwadzidzidzi zonse zinasamukira pa waya wa mawu. Mu 1964 katswiri wina wosamva, Robert Weitbrecht, anapeza njira yolumikiza makina otayipira ku lamya, koma makinawo sanafale kuno. Chimene chinatifika ndi meseji ya pafoni ya m'manja, imene inatumizidwa koyamba mu 1992. Amene anaipanga sankaganiza za anthu osamva, koma kwa nthawi yoyamba munthu wosamva anagwira chipangizo chofanana ndi cha wina aliyense, chosamusonyeza kuti ndi wolumala. Meseji komabe imalembedwa m'Chingelezi kapena m'Chishona, zimene kwa osamva ambiri ndi zinenero zachiwiri zimene sanazimvepo. Kusintha kwenikweni kunadza ndi kuimbirana pavidiyo, kumene kunafika pa WhatsApp mu 2016. Kuyambira pamenepo munthu wa ku Mabvuku akhoza kucheza ndi mnzake wa ku Bulawayo m'chinenero chake chenicheni, nkhope ndi manja zikuoneka.

Mukakhala naye tsiku limodzi mtsikanayo muona mmene foni yalowera paliponse. Imamudzutsa m'mawa ndi kunjenjemera pansi pa pilo. Pa Market Square, pamene mahwindi, anyamata oitanira mabasi, akukuwa mayina a malo amene iye sawamva, amalemba kumene akupita n'kuonetsa kondakitala, ndipo akayandikira potsikira amamukodola n'kuloza. Wogula akafuna kulipira pa EcoCash, njira yolipira pafoni imene inayamba mu 2011, palibe chokambirana chifukwa nambala ndi ndalama zimaoneka pagalasi. Kuchipatala amalemba chimene chikumuvuta asanafike pamzere, ngakhale kuti mayina a odwala amaitanidwabe ndi pakamwa, ndipo osamva ambiri amadutsidwa atakhala pabenchi pomwepo. Zovuta zake n'zachidziwikire kwa aliyense wokhala mu Harare: vidiyo imadya bandulo msanga kuposa mawu, choncho wosamva amalipira zambiri kuti anene zomwezo, ndipo magetsi akazima, ife akumva timapitiriza kucheza mumdima pamene iye watsekedwa pakamwa ndi m'makutu nthawi imodzi. M'nyumba ya mwana wosamva, nyale ya sola yowala bwino ndi chipangizo cholankhulirana, ndipo ndimaiika patsogolo pa zinthu zambiri zodula.

Ndili ndi dandaulo limodzi pa ife eni mabanja. Foni yomweyo imene inatsegula khomo tayamba kulitsekanso ndi mauthenga a mawu. Pagulu la banja la pa WhatsApp, azakhali a ku Dedza amatumiza uthenga wa mphindi zinayi, amalume amayankha ndi wa mphindi zisanu, ndipo wachibale wosamva amangoona timizere togwedera. Ndikudziwa bambo wina wosamva amene anadziwa za maliro a msuweni wake anthu atabwerako kumanda, chonsecho uthengawo unali m'foni mwake kwa masiku atatu. Mapulogalamu osandutsa mawu kukhala malemba, monga Live Transcribe imene Google inatulutsa mu 2019 mogwirizana ndi Gallaudet, amathandiza pa Chingelezi cholankhulidwa momveka m'chipinda chabata, koma Chichewa chathu chosakaniza ndi Chishona amachibalalitsa. Yambani lero kuzoloweza abale kulemba, kuti mwanayo podzafika msinkhu wogwira foni adzapeze chizolowezicho chilipo kale.

Mwina mwadabwa kuti ndikulankhula za anthu osamva ngati mtundu wa anthu. Iwo eni amadziona choncho, ndipo ali ndi zifukwa. Popeza ambiri amabadwira m'mabanja akumva, chinenero ndi miyambo yawo zimapatsirana kusukulu, kuchoka kwa mwana wamkulu kupita kwa wamng'ono m'nyumba zogona. Emerald Hill kuno ku Harare, imene amayendetsa masisitere a Dominican, Henry Murray ku Morgenster pafupi ndi Masvingo, King George VI ku Bulawayo ndi Naran Centre ya Jairos Jiri ku Gweru, iliyonse inakulitsa zizindikiro zake, moti wosamva wachikulire amatha kudziwa kumene mnzake anaphunzira pongoona manja ake, monga ife timadziwira wa ku Nkhotakota ndi wa ku Mulanje pa kalankhulidwe. Ali ndi ulemu wawo: kuyang'ana kumbali wina akulankhula ndi mwano, kuitana munthu n'kumugwira paphewa, kugwedeza dzanja kapena kuthimitsa ndi kuyatsa nyale, ndipo kutsanzikana kumatenga nthawi yaitali chifukwa kale akasiyana analibe njira ina yolankhulirana mpaka atakumananso. Chinenero chamanja cha ku Zimbabwe n'chosiyana ndi cha ku Malawi, choncho mwana wa ku Emerald Hill akapita kusukulu ya osamva ya ku Mua akapeza zizindikiro zambiri zachilendo, ngakhale kuti osamva amamvana msanga kuposa ife.

Vidiyo yasintha zimenezi m'njira ziwiri. Yasonkhanitsa anthu amene anali obalalika, mwana wa kumudzi amene anali yekha m'boma lonse tsopano amaona nkhani, maulaliki ndi nthabwala m'chinenero chake, ndipo zizindikiro za masukulu osiyanasiyana zikuyandikirana. Koma achikulire amadandaula kuti achinyamata akutola zizindikiro za ku America pa intaneti n'kusiya zakwawo, dandaulo limene agogo athu a ku Mbare angalimvetse bwino akamamva Chichewa cha adzukulu awo. Ku Ulaya ndi ku America makalabu ambiri a anthu osamva anatsekedwa pamene kukumana pamaso kunasiya kukhala njira yokhayo yomvera nkhani. Kuno amakumanabe m'misewu ya m'tauni ndi m'matchalitchi, mwina chifukwa bandulo ndi yodula.

N'chifukwa chake ena mwa iwo amaiyang'ana ndi diso lokayika opaleshoni ija. Akamva dokotala akunena kuti akonza mwana, iwo amamva kuti moyo wawo, chinenero chawo ndi maukwati awo ndi chinthu chowonongeka. Amakumbukiranso kuti kawirikawiri makina amabwera ndi lamulo loletsa manja, ndipo ana amene makinawo sanawathandize amafika kwa iwo ali ndi zaka khumi, opanda mawu, opanda zizindikiro. Mkanganowu unali woopsa m'zaka za m'ma 1990 ndipo tsopano wazizirako, moti achinyamata ambiri ovala implant amalankhula ndi pakamwa kuntchito ndi manja pakati pa anzawo. Chimene osamva amapempha n'chakuti azifunsidwa. Pa mwambo wokumbukira Nelson Mandela ku Johannesburg mu Disembala 2013, munthu anaima pambali pa atsogoleri a mayiko akugwedeza manja zopanda tanthauzo, ndipo amene anazindikira ndi osamva oonera wailesi yakanema. M'nthawi ya Covid, zophimba pakamwa zinabisa milomo ndi nkhope, ndipo mu 2020 mabungwe a anthu olumala, kuphatikizapo Deaf Zimbabwe Trust, anachita kupita ku khoti lalikulu kuti mauthenga a mliriwo aziperekedwa m'njira yowafikira. Magolovesi omasulira manja amene ophunzira a zaumisiri amakonda kupanga, osamva amangowaseka, chifukwa mbali yaikulu ya malamulo a chinenero chawo ili pankhope, pa nsidze ndi pamapewa, pamene golovesi safikapo.

Kunena zochita, bwererani kwa amene anamuyeza mwanayo, kapena pemphani kalata yopita kwa madokotala a makutu kuchipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, kuti ayesedwe makina oyenera ndi kuona ngati opaleshoni ingatheke, chifukwa si khutu lililonse limene limailola ndipo pamafunika kujambula m'kati mwa mutu. Ngati mwanayo anadwalapo matenda oumitsa khosi munene msanga, popeza matendawa amatha kuumitsa kachigoba ka nkhono kaja kukhala fupa, njira ya kawaya n'kutsekeka. Achimwene anu, monga mwinimbumba, musawagwetse ulesi, koma muwapemphe kuti pa ndalama zimene akusonkha apatulepo zochepa za mabatire, zikombole, nyale ndi maulendo opita kokaphunzira chinenero chamanja. Ku Emerald Hill, ku Deaf Zimbabwe Trust ndi ku ZIMNAD, bungwe la anthu osamva m'dziko muno, akhoza kukulozerani kumene makolo amaphunzira. Aphunzire onse a m'nyumba, makamaka ana anu awiri aakuluwo, amene adzakupitirirani m'milungu yochepa. Pa chakudya muzikhala mozungulira kuti aziona nkhope zonse, ndipo musamalankhule naye mutafulatira kapena kuwala kuli kumbuyo kwanu.

Apongozi musalimbane nawo ndi mawu. Aphunzitseni zizindikiro zitatu zokha, cha madzi, cha nsima ndi cha agogo, ndipo muwasiye ndi mdzukulu wawo masana amodzi. Ndaonapo agogo ambiri olimba mtima akusungunuka tsiku limene mwana anawaitana koyamba ndi dzanja. Kukakhala gule ku Mufakose kapena kwaya ya ku CCAP ikamayeserera, mutengeni mwanayo mumuike dzanja pa ng'oma kapena pa benchi, chifukwa kugunda kwake amakumva m'chifuwa ndi m'mapazi, ndipo osamva ambiri ndi ovina abwino.

Mukapitanso ku Copacabana mupite naye mwanayo. Mumupemphe mtsikana uja ngati angamabwere kwanu Lamlungu masana, mumulipire thiransipoti ndi nthawi yake monga mungachitire ndi mphunzitsi wina aliyense, ndipo mutenge nambala yake kuti pakati pa sabata muzimuimbira pavidiyo mukasowa chizindikiro. Mwana wanu sanaonepo munthu wamkulu wonga iye, ndipo pali ana osamva ena amene amakula akuganiza kuti akadzakula adzayamba kumva kapena adzafa, chifukwa chosaonapo wamkulu wosamva. Akadzazolowerana, mtsikanayo adzamuyang'anitsitsa, adzaona kaya ndi kachipsera, kaya ndi kasekedwe kake, ndipo adzamupatsa dzina lamanja. Pa mwambo wawo dzina limenelo amapereka ndi munthu wosamva, choncho inu ndi bambo ake mudzangolilandira ndi kuliphunzira.